Therere la Alamu

Dzuwa likapendeka, pamene azimayi ena a ku Chinsapo ankathamangira kumsika kukagula usipa ndi kasoda ka m'pepala, Olipa ankakhala kuseri kwa nyumba n'kuyatsa zitsononkho. Ankazisiya zinyeke mpaka zisanduke phulusa, kenako n'kuliwolera m'chitini choboola pansi, n'kuthira madzi. Madziwo ankadontha m'kambale pang'onopang'ono, tho, tho, tho, ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Chimenecho ndiye chidulo, chomwe amayi athu ankaphikira therere soda asanabwere. M'tauni muno ochisefa atsala ochepa, ndipo Olipa sankachisefa chifukwa chochikonda ayi. Anachita kulamulidwa.

Womulamulayo anali mlamu wake Esau, mkulu wa malemu mwamuna wake, Lewis.

Lewis anavutika ndi mtima nthawi yaitali. Miyendo inkatupa, mpweya unkamuthera pongomanga nsapato. Anali matenda akumtundu, bambo awo anapita nawo omwewo. Miyezi yonse imene anagonekedwa kuchipatala chachikulu, Olipa ndiye anali gadiyani, akugona pachitenje kunsi kwa bedi, makutu ali tcheru pa chilichonse chimene madokotala ankanena. Atatuluka, anasintha kaphikidwe. Lewis akalirira therere la chidulo, ankamukaniza. Abale atabwera ndi mkoko wa nthochi ndi thumba la mapeyala kuchokera ku Ntcheu, iye anagawira ana a pamalopo. Abalewo anaona, nasunga kukhosi.

Anadzalavula tsiku losesa maliro. Esau anaimirira pakati pa anthu, chala chikuloza mayi wamasiyeyo.

"Mkazi uyu wamupha m'bale wathu ndi njala. Nthochi kumumana, ndiwo zapamtima pake kumumana. Mwana sanamuberekere ndi mmodzi yemwe. Amafuna nyumba uyu."

Olipa anagwada. "Alamu, achipatala ananena kuti mapiritsi aja sagwirizana ndi..."

"Khala chete, mfiti iwe! Wakupatsa mpata ndani? Kuyambira lero pakamwa pakopo uzitsegula poyasamula pokha. Ngati ukufuna kukhalabe pampanda paja, uziphika zimene wauzidwa, basi."

Rodgers, mng'ono wawo wotsiriza, amene ankakhoma mabokosi a maliro ku Mchesi, anawonjezera kuti zikanakhala zakale akanamumwetsa mwabvi. Anthu anaseka. Olipa anatseka pakamwa monga anauzidwira. Tisabise, anawada amuna awiriwo. Anawada ndi chidani chozizira, chopanda phokoso, chomwe munthu amagona nacho n'kudzuka nacho ngati chitenje.

Esau, amene mkazi anamuthawa kalekale, analowa m'nyumba yaikulu, Olipa n'kukankhidwira ku boyizi kota. Mvula isanagwe kawiri, miyendo ya Esau nayo inayamba kutupa. Kuchipatala anam'patsa mapiritsi. Mukudziwa inu mmene timachitira pazenera lolandirira mankhwala paja: mzere wautali, dzuwa lili phwee, wakumbuyo akukupumira m'khosi, ndiye umangolanda kapepala ka mapiritsi n'kumapita, wina akulankhulabe. Pa zonse zimene anauzidwa, Esau anatolapo mawu awiri okha, akuti achepetse mchere.

"Ndiwo zopanda mchere ndi udzu," anatero atafika. "Iwe Olipa, uzisefa chidulo tsiku ndi tsiku, ngati mmene ankachitira amayi. Therere, nkhwani, chigwada, zonse uziphikira momwemo. M'mawa ndizipeza nthochi ndi peyala patebulo. Ine si Lewis woti uzindimana."

Olipa anayang'ana timapiritsi toyera tomwe tinali patebulopo. Anatizindikira. Anayang'ana mlamu wakeyo nthawi yaitali ndithu, mpaka Esau anakwinya nkhope.

"Pali mawu?"

"Ayi, alamu. Ndiphika."

Ndipo ankaphika, amayi inu! Therere lake linkanunkhira mpaka kumsewu, lonanda bwino, lobiriwira, loti wodutsa ameze malovu. Esau ankanyambita zala n'kumadzitama kwa anzake a bawo kuti mfiti ija anaiweta.

Kenako zinthu zinayamba. Ankadzuka m'mawa miyendo italemera ngati wayenda wapansi kuchokera ku Dedza. Milomo inkachita dzanzi, zala nazo dzanzi. Nthawi zina mtima unkagunda mothamanga, n'kuima kaye ngati ukumvetsera kena kake, n'kuyambanso. Aliyense wokulira kuno akudziwa tanthauzo la kudzuka wotopa usanagwire ntchito: ndiye kuti akukukwera usiku. Mphekesera inayenda kuchokera pampopi kufika kuchigayo. Wina anati anaona fisi atakhala pachipata cha nyumbayo m'bandakucha. Wina anati padenga pamagwa miyala koma ukatuluka supeza ndi umodzi womwe. Mayi wogulitsa makala analumbira kuti akamadutsa pamenepo madzulo amamva chifuwa cha Lewis, chouma chija, chikukhosomola m'bafa. Ndipo fungo la zitsononkho zopsa linkalowa paliponse, ngakhale m'chipinda chotseka mawindo, n'kukakamira m'zofunda.

Lamulungu lina madzulo Rodgers anabwera kudzazonda mkulu wake, ali ndi mkazi wake Sheila. Anam'peza pampando, mbale ya therere ili pamiyendo.

"Akundikwera, Rodgers," anatero Esau motsitsa mawu. "Dzulo ndinafuna kukweza mkono, ukukana. Ndipo ndikudziwa amene..."

Magetsi anazima.

"Aa, awanso," anatero Rodgers, akupapasa foni m'thumba. "Pitirizani, achimwene. Mukudziwa ndani?"

Zii.

"Achimwene?"

Mbale inatsetsereka n'kugwa pansi, nizungulira payokha, nikhala chete. Sheila anagwira mkono wa mwamuna wake.

"Yatsani, bambo a Tiyese. Yatsani msanga!"

Kuwala kwa foni kutagwera pampando, Esau anali chikhalire, maso ali tong'o kuyang'ana kukhomo lakuseri, therere likuyoyoka m'zala zake. Sanakuwe, sanaphuphe. Kuseri kwa nyumba kunkamveka Olipa akung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi, akutsuka mapoto.

Achipatala anafuna kuyeza thupi, koma abale anakana, ati mfiti siipezeka ndi mpeni wa dokotala. Rodgers anakhoma yekha bokosi la mkulu wake monga anakhomera la Lewis, ndipo pokhoma msomali wotsiriza analumbira kuti mkazi ameneyo adzaona polekera. Nyumba ya abale siikhala yopanda munthu, choncho sabata yotsatira anasamukiramo ndi Sheila ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiyese, kamtsikana ka sitandade 3.

Tsono Rodgers naye anali pa mapiritsi omwewo kuyambira chaka chapitacho, ndipo ankamuyanja bwinobwino, poti Sheila ankaphika zamasiku ano, kamchere pang'ono, osadziwa n'komwe kasefedwe ka chidulo. Akanakhala phee, bwenzi mwina lero akukhomabe mabokosi a anzake. Koma mantha ndi mkwiyo zinamutuma ku Mgona kukatenga sing'anga wotchedwa Gwanda, bambo wa suti yonyezimira ndi mafoni m'matumba onse.

Gwanda anazungulira mpanda akununkhiza ngati galu. Anakwirira tinthu m'makona, kenako anaima n'kuloza boyizi kota ndi mchira wa nyama.

"Ameneyo musamuthamangitse. Mfiti ikakhala kutali imaponya bwino. Akhale pomwe mukumuona, koma asakhudzenso poto wanu."

Kenako anatulutsa jumbo yodzaza phulusa lotuwa, ati la makungwa a nthochi ndi mitengo ina yosatchula.

"Muzinyika m'madzi. Bambo azimwa m'mawa ndi madzulo, ndiwo zawo muziphikiranso momwemo. Mchere wa m'golosale usalowe m'nyumba muno, mfiti imadzera mu mchere."

Madzulo amenewo, Sheila akunyika phulusa la Gwanda m'kapu pakhonde lakuseri, Olipa anatuluka m'kanyumba kake. Ananunkhiza mpweya, nayang'ana m'kapumo. Ndipo anaseka. Kanali koyamba kuseka chimwalirire Lewis, kuseka kwapansipansi kopanda chimwemwe.

"Mukuseka chiyani, asisi?"

"Palibe. Ndinauzidwa kuti ndizikhala chete."

Sipanatenge nthawi. Nyundo inayamba kupulumuka m'manja mwa Rodgers ku Mchesi, mpaka anzake anamuuza kuti akapume. Miyendo inalemera, milomo inachita dzanzi. Choopsa kwambiri, kukangoyamba mdima ankamva wina akukhoma misomali, kho, kho, kho, kenako kuima, kenako kho. Ankaidziwa bwino ntchito imeneyo, kanali kakhomedwe ka chivundikiro cha bokosi la maliro.

"Wamva, Sheila?"

"Sindikumva kanthu."

"Akukhoma! Akukhoma langa!"

Akamva choncho ankaitanitsa kapu ina ya phulusa, yowonjezera pa imene anauzidwa, kuti chitetezo chikhwime. Kukacha ankadzuka wofooka kuposa dzulo. Ankatukwanira kuwindo, kumuuza Olipa kuti adzamuotcha ndi matayala, koma Olipa ankangoyanika zovala zake mwakachetechete ngati wogontha.

Gwanda atabweranso, sanavomere kuti mankhwala ake alephera. Ndi sing'anga uti anavomerapo? Anatseka maso, nanjenjemera, nati mdaniyo ali ndi mwana amene akumuphunzitsa ufiti m'nyumba momwemo, amene amam'tsegulira khomo. Maso onse anagwera pa Tiyese. Mlandu wa mwanayo unali woti ankakonda kukhala pakhomo pa Olipa, amayi ake aakulu, kumawathandiza kusankha nyemba, poti pampanda ponsepo ndi iye yekha amene sankawaopa.

Zimene zinachitika masana amenewo zimandiwawa kuzinena. Rodgers, wofooka yemweyo, anapeza mphamvu zopanikizira mwana wake pansi, Gwanda akumutema mphini ndi lezala kumsana konse n'kumapakamo zakuda zosakaniza tsabola. Tiyese anakuwa mpaka mawu anatha. Sheila atadziponya pakati, Rodgers anamumenya khofi lomwe linamugwedeza dzino.

"Loweruka m'mawa mubwere naye ku Mgona," anatero Gwanda akupukuta lezala. "Akakhale kwanga mpaka asanze nyama ya anthu imene wadya."

Za kusanzitsa kwa Gwanda anthu ankazidziwa. Ankanong'onezana za mwana wina wa ku Kauma amene anapita akuyenda yekha n'kubwerako atakulungidwa pamphasa.

Lachisanu mapiritsi anatha, ndipo Rodgers sakanatha kufika ngakhale pa siteji. Anatuma Sheila. Atafika pazenera paja, mayi wogawa mankhwala anamukankhira kapepala, koma Sheila sanasunthe. Kaya chinamugwira n'chiyani. Akumbuyo anayamba kung'ung'udza.

"Pepani, ndifunse nawo. Amuna anga akumwa awa, koma miyendo ikungofooka, milomo dzanzi."

Mayiyo anamuyang'ana, namulozera chipinda cha adokotala. Adokotalawo, bambo wotopa wa magalasi, anafunsa funso lomwe Sheila sankaliyembekezera.

"Akudya chiyani kunyumba?"

Sheila anafotokoza mwamanyazi za mchere woletsedwa, za ndiwo za phulusa, za makapu a m'mawa ndi madzulo. Adokotala anavula magalasi.

"Phulusa? Akumwa phulusa pamodzi ndi mapiritsi awa? Mayi, tamverani. Mapiritsi awa ndi abwino, koma amasunga mchere wina wake m'magazi, timautcha potaziyamu. M'chidulo ndi m'phulusa ndi wodzaza, mu nthochi ndi mapeyala ulimonso. Ukachuluka m'magazi, thupi limafooka, kenako mtima umangoima, osatsanzika. Timawauza odwala onse zimenezi."

"Iwo anangomva za mchere."

"Ndiye vuto lake limenelo, anthu safunsa. Asiye phulusalo lero lomwe, ndipo mubwere nawo lero, tiwayeze magazi. Osati mawa, mayi. Lero."

M'minibasi monse Sheila ankangoona Esau ali pampando uja, therere likuyoyoka m'zala. Atafika sanalowe m'nyumba yaikulu. Anapita kuseri, napeza Olipa akumanga katundu wake m'chitenje. Anyamata a m'deralo anali atayamba kale kusonkhana kumsewu, ena atanyamula miyala, poti nkhani ya mwana wophunzitsidwa ufiti inali itawanda.

"Mumadziwa, asisi," anatero Sheila.

"Ndimadziwa."

"Alamu Esau aja..."

"Ndinaphika zimene ndinauzidwa. Unalipo tsiku losesa lija, Sheila. Unakhala kumbuyo kwa amuna ako. Unamvapo wina akuti musiyeni amalize?"

Sheila anagwetsa nkhope.

"Nanga bambo a Tiyese?"

"Amenewo sindinawaphikirepo ngakhale madzi a tiyi. Anakadzitengera okha ku Mgona."

"Koma mumaona! Mumaona tsiku ndi tsiku, osanena. Umenewo si ufiti?"

"Kaya, utchule mmene ungatchulire. Lichero langa ine ndi lopetera mpunga, sindinakwerepo. Amati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndinatsina, anandithyola zala." Anamanga mfundo yomaliza, naikoka mwamphamvu. "Lewis ndinamusunga ndi manja awa, ndinamukaniza zimene ankalirira mtima ukundiwawa, kuti akhale nane ngakhale chaka chimodzi chowonjezera. Iwo anati ndinamupha. Sindikumva chisoni, Sheila, usandiyang'ane choncho. Chimene chandiwawa ndi mwana yekhayo. Ndinamumva akulira."

Anasenza mtolo wake, naima pakhomo.

"Mawa ndi Loweruka. Tsopano nawenso ukudziwa."

Anatulukira pampata wa kuseri kwa chimbudzi, nadutsa m'dimba la eni ake, nakwera kabaza wa njinga yamoto. Anyamata aja atathyola chitseko cha boyizi kota anangopeza mphasa ndi fungo la utsi. Ku Chinsapo sanaonekenso.

Sheila analowa m'nyumba dzuwa likulowa. Anayamba wasuzumira kuchipinda. Tiyese anagona chafufumimba poti chagada sakanatha, thupi lili moto, mabala akumsana atayamba kutulutsa madzi, ntchentche zikuzungulira. Atamva mapazi anadzidzimuka n'kudzikulunga ngati bongololo.

"Ndine, mwanangu."

"Amayi, ine sindinadye munthu," ananong'ona. "Muwauze adadi."

Pabalaza, pafupi ndi chitseko, panali kachikwama ka sukulu ka Tiyese, kotutumuka ndi zovala. Rodgers anali atalongedza yekha. Anali pampando womwe uja wa Esau, thukuta lili kamukamu, kiyi wa pachipata atamumangirira padzanja. Sheila anaganiza zobereka mwana n'kuthawa, koma athawire kuti? Kumsewu kunali miyala, ndipo aliyense pamzere wa nyumbazo ankakhulupirira kuti kamtsikanako n'kamfiti.

Anagwada pafupi ndi mwamuna wake.

"Bambo a Tiyese, ndapota nanu. Mwanayu musapite naye kwa a Gwanda. Akudwala. Tipite naye kuchipatala, nanunso mukaonedwe."

"Chipatala chimachiza ufiti? Galimoto ndapeza kale, ibwera m'mawa."

"Ndi mwana wanu yemwe uyu."

"Mwana wanga sangandikhomere bokosi. Akasanza, akafa, zili kwa iye. Ukalankhulanso, iwe upita naye limodzi, wamva?"

Sheila anamva. Anakhalabe chogwada, lilime likukhudza dzino logwedera lija. Anamuyang'ana bambo ameneyu, amene anam'phikira ndi kum'chapira zaka zonsezi, nafufuza mumtima mwake kachisoni ngakhale kakang'ono. Anapezamo kulira kwa Tiyese kokhakokha.

"Nanga kuchipatalako ati chiyani?" anafunsa Rodgers.

Kunja agalu anali atayamba kuuwa. Sheila anatsegula kachikwama kake, natulutsa mapiritsi, nawaika patebulo.

"Ati muzimwa mwandondomeko, musadumphitse."

"Basi?"

"Basi."

"Ndiye bweretsa. Ubweretsenso kapu ya a Gwanda, udzaze. Ayambanso kukhoma, sukumva?"

Sheila anapita kukhitchini. Anadzaza kapu mpaka m'milomo, nayenda nayo mosamala kuti lisatayike ndi dontho lomwe. Anagwada mwaulemu wonse, napereka ndi manja awiri. Manja a Rodgers analibenso mphamvu, choncho anamugwirizira kapuyo mpaka anamaliza.

Anthu a ku Chinsapo amati mfiti ija itathawa inaponyera kutali, monga ananenera a Gwanda. Galimoto inabweradi Loweruka m'mawa, niimba hutala pachipata. Inanyamula Rodgers m'nyumbamo atazizira kale, ndipo sinalowere ku Mgona. Tiyese anatsala ali m'tulo.